Antivirus Yabodza pa Kompyuta ya Pakhomo: Kuizindikira, Kuichotsa ndi Kuitsekera Khomo

Zimachitika mosayembekezera. Muli pa intaneti mukuwerenga nkhani kapena mukusaka nyimbo, mwadzidzidzi sikirini yonse yafiira. Pakona pali chizindikiro cha chishango, kamzere kobiriwira kakuthamanga ngati kakufufuza mafayilo anu, ndipo masekondi khumi asanakwane mwauzidwa kale kuti kompyuta yadzaza mavayirasi. Mwina pakumvekanso kulira kwa alamu ndi mawu a munthu akuti musazimitse kompyuta chifukwa mutaya zonse. Pansi pake pali batani lalikulu lolembedwa Remove Now, kapena nambala ya foni yoti muimbe msangamsanga.

Musanakhudze chilichonse, dziwani ichi: tsamba la pa intaneti silingathe kufufuza mafayilo amene ali mu kompyuta yanu. Browser, kaya ndi Chrome, Edge, Firefox kapena Safari, siipereka mpata umenewo. Kamzere kaja ndi kakanema chabe, ndipo mayina a mavayirasi amene mukuwaonawo ndi omwewo amene akuonetsedwa kwa aliyense wotsegula tsambalo. Zili ngati munthu wongodutsa pamsewu, amene sanalowepo m'nyumba mwanu, akukuwa kuti pansi pa bedi lanu pali njoka ndipo mumulipire kuti aiphe. Chimene akufuna n'choti mumutsegulire chitseko nokha.

Chinyengochi, chotchedwa antivirus yabodza chifukwa chimadzionetsa ngati pulogalamu yoteteza kompyuta ku mavayirasi, si chatsopano. M'zaka za m'ma 2000 kunali mapulogalamu abodza otchuka monga WinFixer, SpySheriff, Antivirus XP 2008 ndi Antivirus 2009. Mu December 2008 bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, linatengera kukhoti makampani amene ankafalitsa ena mwa mapulogalamuwa, ndipo linati anthu oposa 1 miliyoni anapusitsidwa. Mu 2009 uthenga wotsatsa malonda wonyamula antivirus yabodza unafika mpaka pa tsamba la nyuzipepala ya New York Times, choncho musaganize kuti zimagwera okhawo oyendera masamba okayikitsa. Eni makompyuta a Apple nawonso anaona zakuda mu 2011 ndi pulogalamu ya Mac Defender. Masiku ano akathyaliwa amakonda kubisala kuseri kwa mayina odziwika, monga Microsoft, McAfee ndi Norton, makampani amene sakhudzidwa n'komwe ndi zimenezi.

Kuchiza kwake kumadalira pamene vutolo lafika. Likhoza kukhala tsamba lokha limene latseguka mu browser, likhoza kukhala timauthenga totulukira pakona pa sikirini, kapena pulogalamu imene yalowadi mu kompyuta. Anthu ambiri amataya tsiku lathunthu, ena ndalama, kulimbana ndi vayirasi imene kulibe, chifukwa sanayambe asiyanitsa zitatuzi.

Choyamba: tsekani tsambalo osadina mkati mwake

Musadine Cancel, musadine No, ngakhalenso ka X kamene kali pa kabokosi ka chenjezoko. Zonsezo ndi mbali ya chithunzi chimodzi, ndipo batani lililonse likhoza kuyambitsa dawunilodi. Gwiritsani ntchito kiyibodi. Ngati tsambalo ladzaza sikirini yonse moti simukuonanso mabatani a browser, dinani F11, kapena gwirani Esc kwa masekondi angapo osasiya. Kenako dinani Alt ndi F4 pamodzi kuti browser itsekeke.

Ikakana, dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi kuti mutsegule Task Manager, yomwe imaonetsa mapulogalamu amene akugwira ntchito, sankhani dzina la browser yanu, n'kudina End task. Pa Mac mabatani ake ndi Command, Option ndi Esc. Zonse zikakanika, gwirani batani loyatsira kompyuta mpaka izime. Mawu aja akuti musazimitse ndi bodza, palibe chimene chiwonongeke kupatula ntchito imene munali musanaisunge.

Mukatsegulanso browser, idzakufunsani ngati mukufuna kubwezeretsa masamba amene anali otsegula. Kanani, apo ayi mubwerera pomwe paja. Dinani Ctrl ndi J kuti muone zimene zadawunilodidwa posachedwa. Mukapeza fayilo imene simukuidziwa, makamaka yothera ndi .exe, .msi kapena .zip, pitani mu foda ya Downloads mukaifufute osaitsegula. Ngati simunatsegule fayilo iliyonse, simunaimbe foni ndipo simunalembe chilichonse pa tsambalo, nthawi zambiri nkhani yathera pomwepa.

Chachiwiri: timauthenga ta pakona

Ili ndi vuto limene likuvutitsa anthu ambiri panopa. Pafupi ndi wotchi pamatulukira kauthenga koti antivirus yanu yatha ntchito kapena kuti mavayirasi asanu apezeka, ndipo kamabwera mobwerezabwereza ngakhale simunatsegule tsamba lililonse. Kayang'anitsitseni. Penapake m'zilembo zing'onozing'ono muona dzina la browser ndi adiresi ya tsamba lachilendo. Chimene chinachitika n'chakuti tsiku lina tsamba linakuuzani kuti mudine Allow kuti muonere vidiyo kapena kuti mutsimikize kuti sindinu loboti, ndipo podina pamenepo munalipatsa chilolezo chokutumizirani mauthenga.

Mu Chrome lembani chrome://settings/content/notifications pamalo olembapo adiresi. Mu Edge lembani edge://settings/content/notifications. Mu Firefox pitani ku Settings, Privacy & Security, mutsike mpaka pa Permissions, n'kutsegula Notifications. Muona mndandanda wa masamba amene analoledwa. Lililonse limene simukulidziwa lisankhireni Block. Block ndi yabwino kuposa Remove, chifukwa tsamba lochotsedwa chabe likhoza kudzapemphanso, pamene loletsedwa silingapemphenso. Ineyo ndimaona kuti ndi bwino kungoletseratu masamba onse kupempha chilolezochi, ndipo posankhira zimenezi pali pa tsamba lomweli. Ndi masamba ochepa kwambiri amene ali ndi nkhani yofunika kukusokonezani nayo mukugwira ntchito.

Kuti mtima ukhale m'malo, tsegulani Windows Security, pulogalamu ya chitetezo imene imabwera ndi Windows, kuchokera pa Start, pitani pa Virus & threat protection, n'kuona Protection history. Chenjezo lenileni la Windows limalembedwa mmenemo. Ngati mmenemo mulibe kanthu, chimene munaona sichinachokere kwa Windows. Kumbukiraninso kuti mauthenga enieni a Microsoft sakhala ndi nambala ya foni yoti muimbe.

Chachitatu: ngati yalowadi

Apa ndiye pali ntchito. Zizindikiro zake sizisowa. Pulogalamu yachilendo imayamba yokha mukangoyatsa kompyuta, intaneti ilipo kapena palibe. Mukatsegula Word kapena Notepad imatseka n'kunena kuti pulogalamuyo ili ndi vayirasi. Task Manager imakana kutseguka, Windows Security imaoneka yozimitsidwa, chithunzi cha pa desktop chasintha, ndipo mukafuna kupita pa tsamba la kampani ya antivirus browser imakupititsani kwina. Ina imabisa mafayilo anu kuti mukhulupirire kuti hard disk yawonongeka.

Yambani ndi kudula intaneti. Zulani waya wa netiweki kapena zimitsani Wi-Fi. Pulogalamu zoterezi kawirikawiri sizibwera zokha, zimaitana zinzake zoba mapasiwedi, ndipo popanda intaneti sizingatumize kapena kulandira kalikonse.

Pezani kompyuta ina yabwinobwino ndi fulashi yopanda kanthu. Dawunilodani Microsoft Safety Scanner kuchokera pa tsamba la Microsoft ndi AdwCleaner kuchokera pa tsamba la Malwarebytes. Zonse ziwiri n'zaulere ndipo zimagwira ntchito popanda kuziika mu kompyuta. Safety Scanner imatha mphamvu pakapita masiku 10 kuchokera pamene mwaidawuniloda, choncho imene munasunga chaka chatha ilibe ntchito, tengani yatsopano. Chenjerani posaka: musadine zotsatira za pamwamba zolembedwa Sponsored kapena Ad, ndiponso musasake dzina la pulogalamu yabodzayo n'kutenga chilichonse cholonjeza kuichotsa. Akathyali amadziwa kuti munthu wogwidwa ndi antivirus yabodza amathamangira kukasaka mankhwala, ndiye amatchera msampha wachiwiri komweko.

Musanayambe kuchotsa, koperani zikalata ndi zithunzi zofunika pa hard disk yapadera, koma musakopere mapulogalamu kapena fayilo iliyonse yothera ndi .exe. Zimene mwakoperazo mudzazifufuze ndi antivirus musanazitsegule pa kompyuta ina.

Tsopano lowani mu Safe Mode, mmene Windows imayatsa zinthu zofunikira zokhazokha, zomwe zimachititsa kuti pulogalamu zabodza zambiri zilephere kudzuka. Pa Windows 10 ndi 11, gwirani Shift kwinaku mukudina Restart. Kompyuta ikafika pa sikirini yosankhira, sankhani Troubleshoot, kenako Advanced options, Startup Settings, n'kudina Restart. Ikayakanso dinani 4 kuti mulowe mu Safe Mode wamba, kapena 5 ngati mukufuna yokhala ndi intaneti. Pa Windows 7 mumadina F8 mobwerezabwereza kompyuta ikungoyaka. Ngati hard disk yanu ndi yokhomedwa ndi BitLocker, mukhoza kufunsidwa kiyi ya manambala 48, imene nthawi zambiri imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft, ndiye ipezereni kiyiyo pa foni musanayambe.

Muli mu Safe Mode, lowetsani fulashi ija, tsegulani Safety Scanner n'kusankha Full scan. Itha kutenga maola angapo ndipo nthawi zina imaoneka ngati yaima. Isiyeni, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikamaliza tsegulani AdwCleaner, yomwe imathamanga msanga ndipo imalimbana kwambiri ndi zinyalala za mu browser. Zonse zimene zapezeka ziikeni mu Quarantine, malo otsekeramo mafayilo okayikitsa kuti asagwire ntchito. Kuziika mmenemo kuli ndi ubwino woti ngati fayilo yabwino yagwidwa molakwika, mukhoza kuibweza.

Pali kanzeru kena ngati pulogalamu yabodzayo ikutsekabe chilichonse chimene mwatsegula. Sinthani dzina la fayilo yofufuzirayo kukhala iexplore.exe, dzina la browser ya Internet Explorer, kapena explorer.exe, dzina la Explorer imene imaonetsa desktop ndi mafoda. Antivirus zabodza zambiri zimasiya mayina amenewa kuti azigwira ntchito, poti popanda browser simungathe kuzilipira, ndipo popanda Explorer kompyuta singagwiritsidwe ntchito n'komwe. Pulogalamu ya RKill, yopezeka pa tsamba la BleepingComputer, inapangidwira vuto lomweli: imaimitsa zoipa zimene zikuthamanga kuti zofufuzira zipeze mpata. Yokha sichotsa kanthu, choncho musazimitse kompyuta pambuyo poigwiritsa ntchito musanafufuze.

Kenako yang'anani nokha ndi maso. Dinani batani la Windows ndi R, lembani appwiz.cpl, ndipo mndandanda wa mapulogalamu ukatuluka dinani pamutu wa Installed On kuti atsopano akhale pamwamba. Chilichonse chimene chinalowa tsiku limene vuto linayamba, ndipo simukuchidziwa, chichotseni. Ena amakana kuchoka mu Safe Mode, amenewo mudzawachotsa mukayatsa kompyuta mwa nthawi zonse. Tsegulaninso Task Manager pa gawo la Startup. Dzina lopanda tanthauzo, la zilembo ndi manambala osakanikirana, lopanda dzina la kampani yopanga, n'lokayikitsa. Dinani kumanja kwa mausi pa dzinalo, sankhani Open file location. Ngati likukhala mu Temp, ProgramData kapena AppData, lizimitseni ndi Disable. Koma musapupulume kufufuta chilichonse cha mu AppData, chifukwa mapulogalamu abwino ambiri amakhalanso mmenemo, ndipo foda ya System32 musaikhudze n'komwe. Malo enanso obisalira ndi Task Scheduler, yomwe imatseguka polemba taskschd.msc. Ntchito yokonzedwa kuti izitsegula fayilo yachilendo mphindi zingapo zilizonse ndi imene imabweretsanso vuto limene mumaganiza kuti mwathana nalo.

Yatsani kompyuta mwa nthawi zonse, lumikizani intaneti, ndipo chinthu choyamba chikhale kupanga update Windows Security. Pitani pa Virus & threat protection, Scan options, musankhe kufufuza kwa Microsoft Defender Offline. Kompyuta izima n'kufufuza Windows isanadzuke, pamene zoipa zobisala mozama zilibe mphamvu yodziteteza. Zimatenga pafupifupi mphindi 15. Pambuyo pake ikani pulogalamu yofufuzira ya Malwarebytes yaulere mufufuzenso. Palibe chofufuzira chimodzi chimene chimaona zonse.

Zimene imasiya m'mbuyo

Pulogalamu ikachoka, zimene inasintha zimatsala, ndipo apa ndi pamene ambiri amalekera panjira. Mu Windows Security, pansi pa Virus & threat protection settings, dinani Manage settings. Onetsetsani kuti Real-time protection ndi Tamper Protection n'zoyatsa, kenako tsikani mpaka pa Exclusions. Umu mumalembedwa mafoda amene antivirus yauzidwa kuti isamayang'anemo, ndipo pulogalamu zoipa zimakonda kudzilembetsa mmenemu. Ngati simunaikemo kanthu inuyo, chotsani zonse.

Ngati intaneti ikukana kapena ikukupititsani kolakwika, pitani ku Settings, Network & Internet, Proxy, muzimitse Use a proxy server ngati simunaiyatse nokha. Onaninso fayilo ya hosts, yolozera kompyuta kumene masamba ali, imene ili mu C:\Windows\System32\drivers\etc. Itseguleni ndi Notepad. Pa kompyuta wamba ya pakhomo, pafupifupi mizere yonse imayamba ndi chizindikiro cha #. Mukaona mizere yotchula masamba a Microsoft, Google, banki kapena makampani a antivirus, inaikidwa kuti ikutsekereni njira kapena ikusocheretseni. Kuti muthe kuifufuta n'kusunga, Notepad muitsegule ndi Run as administrator.

Mu browser chotsani ma extension (timapulogalamu towonjezera pa browser) onse amene simunawaike mwadala, kenako gwiritsani ntchito Reset settings. Ma bookmark ndi mapasiwedi osungidwa sachoka. Mafayilo amene anasowa, yambani mwawayang'ana musanalire: mu File Explorer, pa View, yatsani Hidden items. Akaoneka otuwa, ndiye kuti anangobisidwa. Sankhani foda, tsegulani Properties, chotsani chizindikiro pa Hidden.

Nanga zikabwereranso pambuyo pa zonsezi? Musalimbane nazo mpaka kalekale. Sungani zikalata zanu, n'kuikamo Windows yatsopano. Njira yapafupi ndi Reset this PC, yopezeka ku Settings pansi pa Recovery, posankha Remove everything. Yodalirika kwambiri ndi kupanga fulashi yoikira Windows pa kompyuta ina yabwino pogwiritsa ntchito Media Creation Tool ya Microsoft. Pamafunika fulashi ya 8 GB kapena kuposa, ndipo zonse zimene zili mmenemo zimafufutika.

Ngati munalipira kapena munaimba foni ija

Izi zichitike msanga, ngakhale kompyuta isanakonzedwe. Imbirani banki yanu pa nambala imene ili kuseri kwa khadi, osati imene mwapatsidwa ndi wina aliyense, muwauze kuti khadi litsekedwe ndipo mukukana malipirowo. Ndalama imene munalipirayo ndi vuto laling'ono, lalikulu n'lakuti nambala ya khadi tsopano ili m'manja mwa akuba.

Sinthani mapasiwedi pa foni kapena pa kompyuta ina, osati pa yodwalayo. Yambani ndi imelo, chifukwa amene wagwira imelo yanu akhoza kusintha mapasiwedi a maakaunti ena onse. Kenako banki, kenako Facebook ndi zina. Yatsani chitetezo cha magawo awiri, chija chotumiza nambala pa foni polowa.

Ngati munthu wa pafoniyo anakuuzani kuti muike AnyDesk, TeamViewer kapena pulogalamu ina yomulola kuyendetsa kompyuta yanu ali kutali, n'kumaona mausi ikuyenda yokha, dziwani kuti anali ndi mphamvu pa chilichonse. Mapulogalamuwa paokha ndi abwino, akatswiri amawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, koma simungadziwe chimene wakubayo anasiya. Pamenepa kufufuza kokha sindikukhulupirira, ikani Windows yatsopano basi. Yembekezeraninso foni yachiwiri pakapita masiku kapena miyezi, ya munthu wofatsa bwino wonena kuti akufuna kukubwezerani ndalama zanu. Ndi anthu omwewo, kapena ena amene anagula dzina lanu kwa iwo. Dulani foniyo. Nkhaniyi mukhoza kuinena kupolisi, ndipo ngati anagwiritsa ntchito dzina la Microsoft, kampaniyo ili ndi tsamba lolandirira madandaulo otere, microsoft.com/reportascam.

Kuti zisabwerenso

Dziwani dzina la antivirus yanu ndi maonekedwe ake. Zikumveka zazing'ono, koma munthu wodziwa kuti kompyuta yake imatetezedwa ndi Microsoft Defender sangatekeseke ndi uthenga woti McAfee yake yatha. Kuyambira pa Windows 8, Defender imabwera kale mu Windows ngati antivirus yathunthu (pa Windows 10 ndi 11 ndi imene mumaiona mu Windows Security), ndipo pa kompyuta ya pakhomo ndi yokwanira. Mukafuna ina, gulani pa tsamba la kampani yake, ndipo ikhale imodzi. Ziwiri zolondera nthawi imodzi zimalimbana zokhazokha n'kulemetsa kompyuta.

Lolani Windows ndi browser kuti zizipanga update zokha. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 7 pa 14 January 2020, ndi Windows 10 pa 14 October 2025, kupatula makompyuta olembetsedwa mu ndondomeko yapadera ya Extended Security Updates. Kompyuta yosalandira zigamba za chitetezo ili ndi mabowo amene sadzatsekedwanso.

Mu Windows Security, pa App & browser control, tsegulani Reputation-based protection muyatse SmartScreen ndi Potentially unwanted app blocking. Mu File Explorer yatsani File name extensions, kuti fayilo yodzitcha chikalata.pdf.exe ionekere poyera. Choletsa malonda mu browser chimathandizanso, poti ambiri mwa masamba oopsezawa amabwera kudzera m'malonda.

Pa kompyuta yogwiritsidwa ntchito ndi banja lonse, aliyense akhale ndi akaunti ya Standard, ndipo pasiwedi ya Administrator idziwike kwa munthu mmodzi. Mwana akadina chinthu chofuna kudziika mozama mu kompyuta, Windows idzapempha pasiwediyo, ndipo mpata umenewo ndi wokwanira kuti wamkulu afunse kuti chikulowacho n'chiyani. Inuyonso muzigwira ntchito za tsiku ndi tsiku pa akaunti ya Standard. Ana ndi achikulire a pakhomo auzeni chinthu chimodzi chosavuta kukumbukira: sikirini ikayamba kuopseza, asadine, asaimbe, aitane munthu. Ndipo akabwera kudzanena kuti adina kale, musawakalipire, chifukwa wokalipiridwa ulendo wina amabisa.

Mapulogalamu ndi magemu obedwa, aja amabwera ndi crack kapena keygen, ndiwo khomo lalikulu. Malangizo ake nthawi zambiri amayamba ndi kukuuzani kuti muzimitse antivirus kaye. Mukamvera, mwachita nokha ntchito imene wakuba sakanatha. Palinso njira ina imene yafala posachedwapa: tsamba limakuuzani kuti, pofuna kutsimikiza kuti ndinu munthu kapena kukonza vuto, mudine Windows ndi R, kenako Ctrl ndi V, kenako Enter. Pamenepo mukuyendetsa lamulo limene tsambalo lakopera mwachinsinsi. Palibe tsamba lachilungamo limene limapempha zimenezi.

Zikalata ndi zithunzi zofunika muzizikopera pa hard disk yapadera imene mumaizula mukamaliza. Yolumikizidwa nthawi zonse imadwalira limodzi ndi kompyuta.

Mukafuna kutsimikiza kuti antivirus yanu yeniyeni ili maso, pali fayilo yoyesera yotchedwa EICAR, yopezeka pa eicar.org. Ndi kafayilo ka zilembo 68, kopanda vuto lililonse, kamene makampani a antivirus anagwirizana kuti mapulogalamu awo azikagwira ngati vayirasi. Yesani kukadawuniloda. Browser ikhoza kukatsekereza isanamalize, kapena antivirus idzakagwira nthawi yomweyo n'kulemba mu Protection history. Kakalowa bwinobwino n'kukhala mu Downloads popanda chenjezo lililonse, bwererani ku Manage settings mukaonenso Real-time protection ndi Exclusions.